Thermostat ya silinda ya madzi otentha kwa azakhali ku Luton: pomwe ntchito yafika

Loweruka

Nyumba ya azakhali ilibe gasi, choncho madzi osamba ndi otsukira mbale amatenthetsedwa ndi magetsi basi. Silinda yake ndi ya kopa, ya malita pafupifupi 140, ndipo ili m'kakabati pamwamba pa masitepe. Ili ndi maelementi awiri olowera m'mbali, ina pansi, ina chakumtunda. Iliyonse ndi ya 3 kW ndipo ili ndi thermostat yakeyake, kachipangizo kozimitsa elementi madzi akatentha mokwanira. Ya pansi imalandira moto usiku wokha, pa dongosolo la Economy 7 lomwe linayamba kuno ku Britain mu 1978, loti magetsi amatsika mtengo kwa maola 7 anthu ali mtulo. Ya kumtunda ndi yothandizira masana madzi akatha, ndipo ili ndi swichi yake ya ola limodzi.

Chomwe anandiitanira ndi batani lofiira la thermostat ya kumtunda, batani lachitetezo lomwe limadula moto madzi akatentha mopitirira. Limangotripa. Msuweni wanga amatsegula kachivundikiro, n'kulidina, zinthu n'kuyenda, mawa lake latripanso. Iye anali ataweruza kale mlandu. "Asuweni, ingosinthani yakumtundayi, yatha basi."

Ndisanagwire chida chilichonse ndinakhala pansi ndi azakhali, chifukwa ndi iwo amene amadzuka m'mamawa m'nyumbamo. Ndinawafunsa momwe madzi amakhalira akangodzuka. "Bambo, madziwo sagwirika. Ukatsegula mpopi umayamba walavula nthunzi." Anawonjezera kuti cha m'ma 5 koloko kakabatiko kamalira, gudugudu, ndiponso kuti mpopi wa madzi ozizira wa kubafa masiku ena umatulutsa ofunda. Zimenezi ankaziona ngati zazing'ono poyerekeza ndi batani lija. Kwa ine ndi zomwe zinandiimitsa mutu.

Elementi ya kumtunda sikhala yoyaka usiku. Ngati batani lake likutripa m'bandakucha, ndiye kuti kutentha komwe likumva kukuchokera kwina. Madzi otentha amakwera m'mwamba, ndipo pansi pake pali elementi ina yomwe imayaka nthawi yomweyo. Ndazimitsa swichi ya elementi ya pansi, ndamatapo tepi, ndawauza kuti asaiyatse mpaka nditayeza. Pakadali pano azigwiritsa ntchito ya kumtunda yokha.

Lolemba madzulo

Lero linali tsiku loyeza. Chinthu choyamba chomwe aliyense wogwira silinda ya Economy 7 ayenera kudziwa n'chakuti moto umabwera kuchokera mbali ziwiri. Waya wa elementi ya pansi masana amakhala wopanda moto, ndiye munthu ukayeza umaganiza kuti wazimitsa, chonsecho ndi mita yomwe sinatsegule. Nthawi yake ikakwana moto umabwera wokha osagogoda. Choncho ndinazimitsa mabureka onse awiri, n'kuwakhoma ndi kaloko, n'kuyeza tesitala yanga pa soketi yamoto kaye kuti nditsimikize kuti ikugwira, kenako n'kuyeza pa mawaya a maelementi.

Maelementi onse ali moyo. Elementi ya 3 kW yolembedwa 240 V iyenera kuonetsa pafupifupi ma ohm 19, chifukwa 240 kuchulukitsa ndi 240, kugawa ndi 3,000, yankho lake ndi 19.2. Onse awiri anaonetsa pafupi ndi pamenepo. Ndinayezanso ngati moto ukuthawira ku earth, ndipo sukuthawa.

Kenako thermostat. Kayezedwe kake n'kosavuta. Waya wa neutral amapita molunjika ku elementi, koma wa live amadutsa kaye mu thermostat. Madzi akakhala otentha, ukapotoza kagudumu kake kubwerera pa nambala yotsikitsitsa, umayenera kumva kuti "tcha", ndipo multimeter, choyezera magetsi, imaonetsa kuti njira ya moto yaduka. Ya kumtunda inatero bwinobwino. Ya pansi ndinaizula, n'kuviika ndodo yake m'jagi ya madzi ongophula kumene pa ketulo, kagudumu kali pansi penipeni. Zii. Multimeter inapitirizabe kulira kusonyeza kuti njira sinaduke. Thermostat imeneyi sinkazimitsanso kanthu, ndipo ndi ya mtundu wakale, yopanda batani lachitetezo.

Ndiye nkhani yonse ndi iyi. Ya pansi inakakamira, elementi n'kumayaka usiku wonse, madzi n'kumawira, kutentha n'kumakafika pa thermostat ya kumtunda, iyo n'kumachita zomwe inapangidwira. Kuisintha kukanakhala ngati kukwapula mwana amene wathamanga kudzakuuzani kuti kukhitchini kukupsa. Ndipo ngakhale inkatripa, sikanatha kupulumutsa zinthu, chifukwa batani lake limadula moto wa elementi yake yokha.

Msuweni wanga ndinamuonetsa ma thermostat awiriwo m'jagi muja kuti adzionere yekha. Ndinamupemphanso kuti batani lofiira likatripa asamangolidina. Kamodzi mwina, koma likabwereza, pali chifukwa.

Lachitatu

Thermostat yakufayo ndinapita nayo kwathu n'kuiphwasula pa tebulo. Ndimakonda kutero ndi chipangizo chilichonse chomwe chafa, chifukwa mkati mwake mumakhala molembedwa momwe chinafera.

Kunja imaoneka ngati kabokosi ka pulasitiki kokhala ndi ndodo yaitali. Ndodoyo ndi chubu cha mkuwa, ndipo mkati mwa chubucho muli kandodo kena kowonda, komangiriridwa ku chubucho kunsonga kokha. Mkuwa ukatentha umatalika. Kandodo ka mkatiko sikatalika kwenikweni, chifukwa kawirikawiri kamapangidwa ndi invar, chitsulo chosakaniza ndi nickel pafupifupi magawo 36 pa 100 alionse. Anachitulukira ndi Charles Édouard Guillaume wa ku Switzerland mu 1896, ndipo ntchito yake pa zitsulo zoterezi inamupezetsa mphoto ya Nobel mu 1920. Choncho madzi akamatentha, chubu chimatalika n'kumakoka kandodo kaja, ndipo mutu wa kandodoko umasuntha mkati mwa kabokosi. Kusunthako n'kochepa kwambiri, sikufika ndi milimita imodzi yomwe, koma pali kachitsulo kokhala ngati sipuling'i komwe kamakukulitsa n'kulekanitsa makontakiti awiri. Kagudumu ka manambala kaja ntchito yake ndi kungosendeza poyambira, kuti kandodo kayende mtunda wotalikirapo kapena wofupikirapo kasanakankhe swichi. Mulibe batire, mulibe kompyuta. Zitsulo ziwiri zosiyana khalidwe basi.

Sipuling'i ija ndi yofunika kuposa momwe imaonekera. Pa makontakiti aja pamadutsa ma amp 12 kapena 13. Akamalekana pang'onopang'ono, moto umalumpha pakati pawo n'kumawawotcha. Ndiye amapangidwa kuti azilekana mwadzidzidzi, n'chifukwa chake timamva "tcha". Sipuling'i yomweyo imachititsanso kuti thermostat isayatse pomwe yazimitsira. Ikazimitsa pa madigiri 60, imadikira madzi atsike ndi madigiri angapo isanayatsenso. Pakanapanda mpata umenewu bwenzi ikungoyatsa ndi kuzimitsa mphindi iliyonse, makontakiti n'kutha msanga.

A thermostat iyi anali akuda bii, okumbikakumbika, ndipo anali atawotcherana. Ndinachita kuwalekanitsa ndi sikuludiraiva, n'kuona kachitsulo kosungunuka komwe kanawagwirizanitsa. Pulasitiki wozungulira sikuluwu ya waya wa live anali atasanduka wofiirira, chizindikiro choti sikuluwuyo inali yosamangika bwino ndipo pankatentha. Umu ndi momwe ma thermostat ambiri amafera, ndipo choipa chake n'choti amatha kufa ali oyatsa. Akafa ali ozimitsa, munthu umangosamba madzi ozizira n'kuitana wokonza. Akafa ali oyatsa, madzi amabwerabe otentha, ndipo m'nyumba simukhala wodandaula mpaka zitafika poipa.

Ndinawerengera kuti ndione ngati zomwe azakhali ankamva zikugwirizana ndi masamu. Kutenthetsa lita imodzi ya madzi ndi digiri imodzi kumafuna 4.18 kJ. Malita 140 kuchoka pa madigiri 12 kufika pa 60 ndi pafupifupi mayunitsi 7.8, omwe elementi ya 3 kW imawapereka m'maola awiri ndi theka ndi mphindi zochepa. Kufika pa 100 ndi mayunitsi 14.3, kutanthauza maola osakwana 5. Koma moto wausiku umakhalapo maola 7, omwe ndi mayunitsi 21. Ndiye ngakhale silinda itayamba yozizira, maola awiri omaliza madzi ankakhala akubwata. N'chifukwa chake phokoso linkamveka m'bandakucha osati pakati pa usiku. Ndipo tsiku lomwe sanagwiritse ntchito madzi ambiri, silinda inkayamba ili yotentha kale, kuwira n'kuyamba msanga.

Loweruka lotsatira

Ndinakwera kudenga. Apa ndi pomwe panali mtima wanga sabata yonse.

Silinda ya mtundu uwu simalandira madzi kuchokera ku paipi ya mumsewu mwachindunji. Kudenga kuli thanki ya madzi ozizira yomwe imaidyetsa, ndipo kuchokera pamutu pa silinda pali paipi yopumira yomwe imakwera n'kukapindikira pamwamba pa thankiyo. Madzi akawira, nthunzi ndi madzi otentha zimakwera ndi paipi imeneyi n'kukakhuthukira mu thanki. Silinda siphulika, zomwe ndi zabwino, koma thanki yomwe inapangidwira madzi ozizira imayamba kudzaza ndi otentha. Mpopi wozizira wa kubafa umachokera mu thanki yomweyo, ndiye madzi ofunda omwe azakhali ankawamva aja ankachokera kumeneku.

Thanki zambiri zoterezi ndi za pulasitiki. Ya magaloni 50 imasunga malita 227, omwe ndi makilogalamu 227 ali pamwamba pa zipinda zogona. Pulasitiki akatentha amafewa, ndipo ngati pansi pake sipanayalidwe bwino, thanki imapendama n'kukhuthula zonse. Zinachitikapo. Mu Novembala 2006 ku Taunton, m'dera la Somerset, mwana wa miyezi 10 anapsa, n'kudzamwalira patadutsa masabata angapo, thanki yotere itagwetsera madzi owira m'chipinda chomwe ankagona, ndipo gwero lake linali thermostat yomwe inakakamira. Chaka chotsatira bungwe loona za chitetezo la HSE linachenjeza eni nyumba za ngoziyi. Zizindikiro zomwe anthu amauzidwa kuti azisamala nazo ndi zomwe ndinazipeza kwa azakhali: madzi otentha mopitirira, phokoso m'silinda, madzi ofunda pa mpopi wozizira, ndi chinyezi kudenga. Kuyambira 2004 ma immersion heater atsopano kuno amayenera kukhala ndi chodulira moto chachiwiri, chomwe sichidziyatsanso chokha. Koma lamulo silinalowe m'nyumba iliyonse kukazula zakale, ndipo zambiri zikadali m'makabati mpaka lero.

Nditasuntha chivundikiro cha thanki, kunsi kwake kunali madontho okhaokha, ndipo matabwa a denga chapafupi anali onyowa. Thankiyo yakhala pa thabwa limodzi lathyathyathya lokwana pansi pake ponse, ndipo ndikukhulupirira kuti thabwa limeneli ndi lomwe lasunga anthu m'nyumbamu. Mbali imodzi ya thanki yatumphuka pang'ono. Ndajambula ndipo ndauza azakhali kuti pulambala adzaione. Ine maganizo anga ndi oti isinthidwe, chifukwa pulasitiki yemwe waphikidwa kambirimbiri sindingamudalire.

Ndili kudengako ndinakumbukira magiza a kumudzi, omwe ndinayambira kugwira ntchitoyi ku Blantyre. Kagwiridwe kake n'komweku: elementi, ndi thermostat yolowa m'kachubu pakati pake. Kusiyana kwake n'koti magiza ambiri amakhala otsekeka, pa mphamvu ya madzi a mumpopi, ndipo m'malo mwa paipi yopumira amadalira valuvu yachitetezo. Pali chizolowezi china chomwe ndinkachiona: thermostat ikafa, sipeya osapezeka, munthu amalumikiza mawaya molunjika ku elementi n'kunena kuti muzingozimitsa pa swichi madzi akatentha. Ndiye magetsi azime swichi ili yoyatsa, aliyense aiwale, abwerenso pakati pa usiku. Madzi akasanduka nthunzi amafuna malo oposa kuwirikiza ka 1,600. Ngati valuvu ija inatsekeka ndi dzimbiri, kapena wina anaitseka dala chifukwa inkadontha, gizayo ilibenso kopumira. Amisiri anzanga, chonde, banja lisambe madzi a pa mbaula sabata imodzi kusiyana n'kulumphitsa thermostat.

Lachiwiri

Thermostat yatsopano yalowa. Ntchitoyi sifuna kukhuthula madzi, chifukwa ndodo yake sikhudza madzi mwachindunji. Imalowa m'kachubu kouma kotsekeka kunsonga, komwe kali pakati pa elementi. Umangomasula mawaya awiri, kusolola yakale, kulowetsa yatsopano.

Chofunika kusamala ndi kutalika kwa ndodo. Zomwe zimapezeka kwambiri kuno ndi za mainchesi 7, 11 ndi 18. Elementi yaifupi yolowera m'mbali, ya mainchesi 11, imayenda ndi ndodo ya 7, pomwe ya 18 ndi ya elementi yaitali ya mainchesi 27 yolowera pamutu. Thermostat imadziwa kutentha kwa madzi omwe azungulira ndodo yake basi, za kwina konse m'silinda sizidziwa. Ukaika ndodo yaifupi pa elementi yaitali yochokera pamutu, imamva madzi a pamwamba okha, n'kuzimitsa pansi pakadali pozizira. Ndinatenga ya mainchesi 7 yokhala ndi batani lachitetezo. Nsonga ya waya wa live inali yopserera, ndiye ndinaidula n'kusenda pabwino, n'kumanga zolimba. Waya wochokera pa swichi ndi wa mtundu wopirira kutentha, ndipo akadali wofewa, choncho ndamusiya.

Pa nambala panali kukambirana. Azakhali, atatopa ndi madzi owotcha, ankafuna ndiike pa 45. Msuweni wanga ankafuna 70, ati kuti madzi azitentha msanga. Iye ndinamuyankha mwachidule: elementi ilibe pakatikati, imayaka ndi mphamvu yonse kapena kuzima. Kukweza nambala sikufulumizitsa kanthu, kumangochedwetsa nthawi yozimitsa.

Azakhali ndinawafotokozera mofatsa chifukwa mantha awo ndi omveka. Madzi osungidwa ali ofunda amaswetsa mabakiteriya otchedwa Legionella, omwe amachulukana pakati pa madigiri 20 ndi 45. Munthu sawatenga pomwa, koma popuma timadontho ta madzi monga ta mu shawa, ndipo amayambitsa chibayo choopsa, makamaka kwa achikulire. Anadziwika mu 1976, anthu ambiri atadwala pa msonkhano wa American Legion ku Philadelphia. Pa madigiri 60 amafa m'mphindi zochepa, n'chifukwa chake malangizo a kuno amati madzi azisungidwa pa 60. Kupitirira apo mavuto ena amayamba. Madzi a ku Luton amachokera m'miyala ya choko, ndipo aliyense wokhala kuno amadziwa zoyera zomwe zimamatirira m'ketulo. Laimu ameneyu amakhazikika msanga madzi akamapitirira 60, n'kukuta elementi ndi kachubu ka thermostat komwe. Elementi yokutidwa imalephera kutaya kutentha kwake n'kupsa, ndipo thermostat yokutidwa imachedwa kumva.

"Nanga 60 yoyo siwotcha, bambo?" Imawotcha, azakhali, ndipo m'masekondi ochepa chabe. Yankho lake si kutsitsa thermostat koma kuika valuvu yosakaniza madzi otentha ndi ozizira pafupi ndi bafa. M'nyumba zatsopano ku England, kuyambira 2010 madzi olowa m'bafa losambiramo sayenera kupitirira madigiri 48, ndipo valuvu yotere ndi yomwe imagwira ntchitoyo. Tagwirizana kuti pulambala akabwera kudzaona thanki adzaikenso imeneyi, poti adzukulu amabwera kudzagona kumapeto kwa sabata.

Ndaika onse awiri pa 60.

Lachitatu m'mawa

Ndinagona konko kuti ndione ndi maso. Moto wausiku utabwera, clamp meter, choyezera ma amp chopanira pa waya, inaonetsa ma amp 12 ndi theka pa waya wa elementi ya pansi. Ndinaika alamu, ndipo nditadzuka patadutsa maola atatu ndinapeza ili pa ziro. M'kabati munali chete mpaka kucha. Batani la kumtunda silinatripe.

Manambala a pa kagudumu sindiwakhulupirira mpaka nditayeza, chifukwa chipangizo chotchipa chotere chimatha kuphonya ndi madigiri angapo. Ndinatsegula mpopi wapafupi ndi silinda, n'kuusiya uyende mpaka paipi itatentha, n'kutchera kapu yokhala ndi choyezera kutentha. Chinaima pa 62. Ndazisiya choncho. Mpopi wozizira wa kubafa wabwerera kukhala wozizira.

Madzulo ake msuweni wanga ananditumizira uthenga woti madzi anatha atachapa, ndipo atayatsa ya kumtunda anapeza okwana kusamba munthu mmodzi kapena awiri basi. Palibe cholakwika pamenepo. Madzi ozizira amalowera pansi n'kukhala pansi, otentha amayandama pamwamba, ndipo elementi simatenthetsa madzi omwe ali kunsi kwake. Ya kumtunda imagwira malita 50 kapena kuchepera. Kuwachotsa pa madigiri 15 kufika pa 60 ndi mayunitsi pafupifupi 2.6, ntchito ya mphindi 50 ndi pang'ono, n'chifukwa chake swichi yake ndi ya ola limodzi. Anaipanga dala choncho kuti munthu asatenthetse silinda yonse pa mtengo wa masana.

Zomwe zatsala

Pulambala abwera sabata yamawa kudzaona thanki ya kudenga ndi kuika valuvu ya kubafa. Ndapempha kuti matabwa onyowa aja awaonenso akauma.

Elementi ya pansi ikugwira, koma yakhala ikuwiritsa madzi a laimu kwa nthawi yaitali, ndiye ndikufuna kuizula ndione momwe yakutidwira. Imeneyo ndi ntchito yokhuthula silinda yonse. Imafuna sipanala yake ya mamilimita 86, ndipo poyamba kumasula silinda iyenera kukhala ikadali yodzaza, chifukwa kopa wake ndi wopyapyala ndipo amapindika ukamukakamiza ali wopanda madzi. Ukangomva kuti yasuntha, pamenepo ndiye utseke madzi n'kukhuthula. Ndichita tsiku lomwe pulambala adzakhale atakhuthula kale thanki, kuti madzi tisataye kawiri. Ngati laimu wadya kwambiri, ndidzaika elementi ya chitsulo chotchedwa incoloy, yomwe imapirira madzi a mtundu uwu kuposa ya kopa.

Ndauzanso azakhali kuti azilemba nambala ya usiku ya pa mita Lolemba lililonse, kuti tidzayerekeze ndi mabilu a miyezi yapitayi.